Tsiku Limene Mamita Anasamuka

Lole ya konkire inali kubwera 12 koloko, ndipo pofika 10 koloko munthu wa ku kampani ya gasi anali asanaoneke.

Desmond Tuckwell ankangozungulira m'fumbi, pulani ili kukhwapa. Iyi inali ntchito yoyamba imene bwana wake anamusiyira yekha. Papepala inali nyumba ya nsanjika zisanu kumpoto kwa Adelaide: mafulati 32 pamwamba, pansi bekale, malo odyera ndi malo ochapira zovala. Khomo lililonse mita ya gasi yakeyake, onse pamodzi mamita 35. Koma pamalopo panali padakali ngalande, zitsulo ndi mapaipi oyalidwa kale, kudikira kukwiriridwa. Miyezi itatu Desmond anakhala akuyeza ndi kufufuta kuti gasi adzafike ku uvuni wa bekale popanda kuzimitsa mbaula ya munthu wa pamwamba penipeni. Chinatsala n'chakuti woyendera wa kampaniyo aone, avomere.

Bwana anali atamuchenjeza pafoni m'mawa. "Akutumiza Vukovic. Sindinakumanepo naye, koma akuti ameneyo akati ayi ndi ayi. Anzako awiri anawagumulitsa zipupa. Usakatsutsane naye, wamva?"

Kenaka Desmond anaiona galimoto ya kampaniyo itaima tsidya la msewu, pansi pa bulugamu. Munatuluka mayi wachikulire, wamfupi, chikwama chakuda chili pamkono. Anaoloka msewu osayang'ana uku ndi uku, magalimoto n'kuima okha.

"Ndinu a Vukovic?" anafunsa Desmond.

"Ndine amene. Iwe ndiwe mwini dzenje limeneli?"

Desmond anawaveka chisoti, chimene chinawatsikira mpaka m'makutu, n'kuwatambasulira pulani. Mayiwo anaigwira chozondotsa. Desmond anachita mantha kwambiri. Munthu wowerenga pulani chozondotsa ndiye kuti wawerenga mapulani ochuluka.

"Mamitawo ukuika pati?"

Anawalozera kutsogolo, pafupi ndi khomo lalikulu.

"Pakhomo penipeni? Alendo akabwera aziyamba alonjerana ndi mamita?"

Desmond anayamba kufotokoza kuti wowerenga mamita afunika kufikapo popanda kiyi, kuti mpweya uyenera kumadutsa, kuti paipi yaikulu ya mumsewu ili mbali yomweyo. Mayiwo anamuyang'ana ngati apeza ntchentche mu tiyi. Iye anakumbukira zipupa za anzake awiri aja, n'kumeza mawu otsalawo.

"Kuseri," anatero mayiwo.

Tevita, kapitawo wa omanga, chimunthu cha ku zilumba za Tonga chimene chinali chitamanga nyumba zambiri kuposa zaka za Desmond, anakanda m'mutu.

"Achimwene, lamulo limeneli latuluka liti?"

"Ingokumbani, Tevita. Ndikukupemphani."

Kathalakitala kokumbira ngalande kanalira. Amuna asanu ndi mmodzi anazula mapaipi n'kuwakokera kuseri, mphepo yotentha ikuwathira fumbi m'maso. Atangotsala pang'ono kumaliza, mayiwo anafunsa chimene chidzakhale pafupi ndi malowo. Atamva kuti ndi bekale, anapukusa mutu, chisoti chikutsalira m'mbuyo.

"Ukufuna buledi azinunkha gasi? Ana adya chiyani? Sunthirani uko, kumene kuli mthunzi."

Mamita anasamukanso. Paipi ya malo odyera anati ndi yonenepa kwambiri, sikuoneka bwino pambali pa zinzake, ndipo omanga anaisintha. Desmond ankalemba zonse ndi pensulo, ntchito ya miyezi itatu ikusanduka mizere yokhotakhota.

Mayiwo anakhala pa ndowa yovundikira, nadya chitumbuwa cha nyama chimene Desmond anasungira nkhomaliro. Anamufunsa ngati anakwatira. Atamva kuti ayi, anamufunsanso chifukwa chake. Desmond anayankha zonse moona mtima, poganiza kuti kampani zikuluzikulu zimayesanso khalidwe la munthu.

"Ndiwe mwana womvera," anatero pomaliza, akusasa nyenyeswa pa diresi. "Wanga samva choncho."

Lole inafika pa nthawi yake, chimgolo chake chikuzungulira. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo kufunsa ngati athire kapena abwerere. Desmond anatembenukira kwa mayi aja.

"Mayi, mwakhutira? Tithire?"

"Ine ndikati zili bwino, zili bwino. Thirani."

Lole inayamba kukhuthula. Desmond anaona mapaipi ake akumira imodziimodzi, ndipo mtima wake unakhala pansi koyamba tsiku limenelo. Anatumiza uthenga kwa bwana: "Vukovic wavomera. Palibe chipupa chagwa." Tevita anamumenya paphewa mpaka pensulo inagwa.

"Wakula lero, mphwanga. Madzulo mowa ndi wako."

Ngalande yomaliza inali itadzaza pamene pageti panalowa bambo wamtali, thukuta lili kamukamu, malaya ake ali ndi chizindikiro cha kampani ya gasi. Anayang'ana uku ndi uku mpaka maso ake anagwera pa ndowa ija.

"Amayi, si ndinati mundidikire m'galimoto?"

Kenaka anapatsa Desmond dzanja. "Pepani kwambiri, ndine Goran Vukovic, woyendera. Anandiitana mwadzidzidzi mumsewu wakuseriwu, kunkamveka fungo la gasi. Sanakusowetseni mtendere amayiwa? Gasi amamuopa, kwawo amaphikira magetsi. Koma musadandaule, pulani yanu ndinaiona dzulo ku ofesi. Ndi yabwino zedi. Musasunthe kanthu ngakhale pang'ono."