Mchere wa Pakhomo la Labu

Ntchito yanga inaonongeka katatu konse. Ulusi wa DNA umakulunga timipira ta puloteni pokhapokha mchere wa m'madzi ukamachepa pang'onopang'ono. Ukachuluka, ulusiwo umamasuka. Koma m'mawa uliwonse ndinkapeza madzi anga ali mchere wokhawokha, uku pulofesa akufuna zotsatira Lachinayi.

Swala ya usiku itatha kumzikiti, ndinabwerera ku labu. Ndinapeza amalume Shehata, mlonda wathu, akuwaza mchere pakhomo.

"Kani ndinu! Mwandiphera miyezi itatu, amalume!"

"Ine sindilowamo, adokotala. Ndimangowaza pano kuti asatuluke."

"Asatuluke ndani?"

Anangoloza ndi chibwano. Chitseko chinali chokhoma, makiyi ali m'dzanja langa. Mumdima m'katimo, supuni inayamba kukanda m'chitini changa cha mchere.