Kansanja ka Mkamwini

Akalipentala anapisa chala pampata wa pakati pa khonde ndi kansanja katsopano ndipo chinalowa chonse. Anatsonya.

Khonde lamatabwa la kuseri kwa nyumbayi anakhoma ndi iwo, zaka zinayi zapitazo, mwana wawo wamkazi atangokwatiwa. Linali lalitali lofika m'chifuwa, losalala, ndipo aliyense wofuna kudziwa luso lawo ankamubweretsa kuno. Lero nthawi ya 3 koloko kunkabwera mwini malo ogona alendo, wofuna makhonde asanu ndi limodzi otere. Kwa munthu amene manja ayamba kunjenjemera, ntchito yotere sibwera kawiri.

Ndiye taonani zimene mkamwini wachita! Wazula masitepe akale, ati ngotsetsereka kwambiri kwa ana. M'malo mwake wamanga kansanja koyambirapo kutsika, koima pa nsanamira zakezake zinayi, zonenepa ngati akumanga mlatho. Iliyonse waikumbira dzenje, waithira simenti, waipaka mankhwala akuda onunkha. Akalipentala sankapaka zimenezo. Ankati thabwa labwino limadziteteza lokha. Koma chowawa kuposa zonse chinali mpatawo. Kansanjako sikanakhudze khonde ngakhale ndi msomali umodzi.

Munthu wa mu ofesi, manja ofewa ngati buledi, ukalipentala wake wophunzira pafoni. Chaka chatha anatchinga kunsi konse kwa khonde ndi timatabwa, ati kuopa amphaka. Iwo anangomuyang'ana, poti nyumba ndi yake. Koma izi zinali zonyoza.

"Akamwini, mtanda wanga si uwu? Misomali inayi, basi, kansanja kagwira. Maenje onsewa mumafuna kukwiriramo ndani?"

"Ndimafuna kaime pakokha, bambo," anayankha mkamwiniyo akuyang'ana nsapato zake.

Pakokha! Zaka makumi anayi akugwira sowo, sanamvepo zopusa zotere. Anamunyoza mumtima kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndi magalasi ake omwe, ndi tepi yake yoyezera yatsopano yolendewera m'chiuno ngati ya munthu wodziwa. Anamvera chisoni mwana wawo. Mlendo uja akaona mpatawo adzati chonsecho ndi cha munthu mmodzi, ndipo adzabwerera m'galimoto asanamwe ndi madzi omwe.

Itakwana 2 koloko, mkamwini anapita kukatenga ana kusukulu ya mkaka. Geti itangotsekeka, akalipentala anatulutsa hamala m'chikwama. Ntchito ya mphindi zisanu imeneyi. Akabwera adzapeza zakonzeka, aphunzire kuti foni sikhoma msomali.

Kuti alumikize bwino anayenera kukhomera chakunsi. Anakanula timatabwa tiwiri totchingato, n'kukwawira mumdima, mawondo akulira. Anapapasa mpaka anaupeza mtanda wawo, anausisita monyadira, n'kuimika msomali wa mainchesi sikisi.

"Bambo, muli kuti?" Anali mwana wawo, pamwamba pakhonde. Atamva kukhosomola kunsi, mawu anasintha. "Bambo, tulukanimo! Musakhome!"

Nayenso wayamba kulankhula za pafoni. Akalipentala anamenya kamodzi.

Msomali unamira wonse ngati alasa sopo, ufa wa chiswe n'kuwakhuthukira kumaso. Atapukuta m'maso ndi malaya anaona nsanamira zisanu zakuda zitandandalika pansi pa mtanda wawo, zitasenza khonde lonse.

"Akamwini anu anaziika chaka chatha," anatero mwana wawo chapansipansi, atagwada pamene panakanulidwapo. "Anandilumbiritsa kuti inu musadzadziwe."

Kugeti kunalira hutala: mlendo uja wafika msanga.