Madigiri Anayi a Makaniko

Mlendo wina polowa m'galaja anapeza Makaniko atayala kale mabokosi atatu patebulo lachitsulo. Mlamu wa Makaniko anali ataimba foni m'mawa kuti atumiza mnzake wofuna malangizo posankha tcheni cha taimingi. Ndiye munthu wake anali ameneyu: bambo waimvi, malaya ositasita, zikhadabo zoyera mbee. Anthu otere sipanala amangoionera pachithunzi.

"Ndabwera pa nkhani ya injini ya..."

"Ndauzidwa kale, achikulire. Khalani apo muphunzire."

Bamboyo anakhaladi pachigubu cha oyilo. Makaniko sanavutike n'kufunsa dzina. Kwa iye wophunzira safunsidwa dzina, amafunsidwa ngati wamva.

Anayambira pa zosavuta, zoti ngakhale ana angamve. Tcheni chimenechi chimalumikiza magiya awiri, ya kilanki pansi ndi ya kamu pamwamba, kuti mavavu azitseguka pa nthawi yake. Cha m'bokosi loyamba chinali cha kufakitale, giya yake ya mpata umodzi wokha wa kiyi, kachitsulo kogwira giyayo pamalo pake: pomwe anakuikira opanga galimoto ndi pomwepo mpaka imfa. Chachiwiri chinali cha mipata itatu, cha anthu ofuna liwiro koma oopa akazi awo. Chachitatu anachinyamula ndi manja awiri. Mipata isanu ndi inayi. Ukasuntha giya kuti kamu itsogole, galimoto imalumpha potuluka pakona. Ukaichedwetsa, imakabwezera pamsewu woongoka. Ukapyoza muyeso, pisitoni imakumana ndi vavu, ndipo sizikumana kuti zipatsane moni.

Mlendo ankangogwedeza mutu. Mtima wa Makaniko unachita kuti myaa. Panali patapita nthawi asanapeze munthu womvetsera chonchi.

Vuto lake linagona pomwepo. Kumbuyo kwawo kunaima galimoto yofiira ya mwana wake wamkazi, boneti ili yasaa. Lamlungu kunali mpikisano womaliza wa liwiro la magalimoto, ndipo wopambana ankalowa m'timu yaikulu imene mtsikanayo anaiyembekezera zaka zitatu. Gulu limene ankapikisanamo linali ndi lamulo limodzi lolimba: injini ikhale monga inachokera kufakitale, taimingi osaikhudza. Chaka chonse anthu ankatama phazi la mtsikanayo, maso ake, kulimba mtima kwake. Za bambo ake ankangoti, "Inunso mumayesetsa kumupukutira galimoto." Kupukuta! Mawuwo ankamuwawa ndithu, ndipo chinsinsi chinkamuyabwa ngati chitedze.

"Nanga inuyo, amisiri, mungasankhe chiti?" anafunsa mlendoyo mofatsa.

Funso limeneli Makaniko analidikira chaka chathunthu. Anasuzumira kukhomo, kunalibe munthu. Bambo wa zikhadabo zoyera akanakauza ndani, atamvetsanso chiyani? Anatenga tochi n'kumukodola.

Chivundikiro cha kutsogolo kwa injini anali atachimasula m'mawa kuti aone ngati tcheni chalefuka. Anaunikamo monyadira ngati akuonetsa mwana wakhanda. Wopusa, anatero, amagula tcheni cha mizere iwiri, chonenepa, chodziulula chokha ngakhale kwa wakhungu. Iye anasankha cha mzere umodzi, chofanana ndi cha kufakitale. Manambala a pagiya anawapala ndi tupa, giyayo n'kuidetsa ndi oyilo wakupsa kuti ioneke yokalamba. Mipata isanu ndi itatu yotsalayo inabisala kuseri kwa wochala yaikulu, chitsulo chobulungira cha pabawuti. Kamu anaitsogoza ndi madigiri anayi basi, koma madigiri anayiwo ndi amene ankasiya anzake akutsokomola fumbi pakona iliyonse.

Mlendo anawerama, nayang'ana nthawi yaitali. Anapemphanso tochi kuti aone bwino. Wophunzira wakhama ngati ameneyu ankasowa masiku ano.

"Ntchito yaukhondo," anatero. "Koma lamulo silikaniza zimenezi?"

Makaniko anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto.

"Lamulo lili papepala, achikulire, tcheni chili m'injini. Oyendera magalimoto a mpikisano aja amaponda matayala, kugwedeza lamba wa pampando, kusaina, basi akamwe tiyi. Muwapatse kamu ndi mpini wa khasu, akufunsani kuti cha galimoto n'chiti."

"Mwana wanuyo akudziwa?"

"Adziwirenji? Anatengera amayi ake, chilungamo mpaka m'mano. Atamva akhoza kutula makiyi pomwepo. Msiyeni aziganiza kuti ndi phazi lake."

Ananena zimenezi akumwetulira, koma mumtima munam'lasa pang'ono. Mtsikanayo ankadzuka mbandakucha kukayeserera, ndipo chikho chilichonse ankachiika m'manja mwa bambo ake asanachionetse wina aliyense. Komabe Lamlungu likangodutsa, giya ija akaiponya m'mulu wa zitsulo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndani anamangidwapo chifukwa chokonda mwana wake?

Foni inanjenjemera m'thumba la ovolosi. Anapukuta chala n'kutsegula uthenga wa mlamu wake: "Alamu, mnzanga uja zamusokonekera, akuti abwera Lolemba."

Makaniko anauwerenga kawiri. Potukula maso anapeza mlendo uja akupinda bwinobwino manja a malaya ake.

"Musatseke chivundikirocho, amisiri. Ine ndine woyendera injini wa mpikisano wa Lamlungu, ndinangobwera kudzamata chidindo painjini n'kumapita. Tsono mwana wanuyo mumuuza nokha, kapena ndimuuze ine?"