Makatoni Awiri Obiriwira

A kapitawo anagwira foni ya maphunziro ngati agwira khoswe wakufa.

"Ine kuphunzitsidwa kulongedza katundu ndi kafoni? Mayi, m'nyumba ya katundu muno ndimayendamo nditatsinzina."

Mayi wokonza maphunzirowo anangomwetulira, mtima uli m'mwamba. Abwana anali atanena kale kuti a kapitawo akakana, maphunziro a pa intanetiwo athera pompo, ntchito ya mayiyo n'kutheranso pomwepo. Olongedza onse anaunjikana kumbuyo, makosi atatalika.

Pafonipo panaoneka shelefu yawo yomwe ija ndi makatoni awiri obiriwira, ofanana ngati mapasa. Foniyo inati kasitomala akufuna matewera a khanda. A kapitawo sanawerenge n'komwe. Anadina katoni ya kumanzere pongoona mtundu, monga ankatolera masiku onse.

Kanema anatseguka. Kasitomalayo anali mkazi wawo wa a kapitawo, atatambasula thewera la munthu wamkulu. Mayi wa maphunziro uja anali atakawajambula kunyumba mwakachetechete, ndipo sanachite kuwanyengerera.

"Bambo a kunyumba, khandali ndiliveke chimenechi, kapena ndilifunditse?"

Phwete linamveka mpaka kugeti.

A kapitawo anatsokomola. Anapisa m'thumba la m'kati mwa jekete n'kutulutsa magalasi oti panalibe amene anawaonapo chiyambire. Anawerenga zolemba za pakatoni pang'onopang'ono, n'kudina ya kumanja. Foni inawaombera m'manja, ndipo mtima wa mayi uja unakhala pansi.

"Aliyense achite zimenezi lero lomwe," anatero a kapitawo, magalasi ali pamphuno. "Ndakhala ndikunena ine kuti anthu inu simuwerenga."