Kuno Sitiseka Olumala

"Nthabwala ya njingayo muichotse," anatero mwini holo ataima pamwamba pa masitepe. "Kuno sitiseka anthu olumala."

Wanthabwala uja, yemwe anzake ankamutcha Matayala, anayang'ana miyendo yake, kenako njinga ya olumala yomwe anakhalapo.

"Bwana, wolumalayo ndine. Ndikudziseka ndekha."

"Ngakhale zili choncho, wina akhoza kukhumudwa."

"Ndani? Njingayi?"

Mlamu wake, amene ankamukankha, anafa nalo phwete. Koma Matayala mtima unali m'mwamba. Nthabwala imeneyi ndi yomwe inkathyola anthu nthiti, ndipo popanda iyo sakanaitanidwanso.

"Chabwino, tifunse eni ake," iye anatero. "Mwa anthu adzaza muholomu, oyenda pa njinga ngati ine alimo angati?"

Mwini holo anakanda m'mutu. "Aaa, amenewo sabwera kuno. Kaya n'chifukwa chiyani."

"Kayatu," anavomera Matayala.

Anayang'ana masitepe aatali olowera muholomo, nakweza manja ngati mwana wofuna kunyamulidwa.

"Alamu, gwirani kumiyendoku. Bwana, inu m'khwapamu. Pang'onopang'ono, mungandikhumudwitse."