Beseni la kwa apongozi

Beseni losamba m'manja linandipeza ine womaliza, litadutsa amuna asanu ndi mmodzi. Madzi ake anali atafanana ndi tiyi wamkaka, mamba a nsomba akuyandama pamwamba.

Dzulo lake ndinali nditangomeza piritsi lomaliza la kamwazi. Sabata yathunthu ndinkathamanga kuposa njinga ya kabaza, ndipo bwana wa kuloji komwe ndimaperekera zakudya ku Senga Bay ananeneratu kuti ndikadwalanso ndisabwerereko.

"Sambani, akamwini," anatero apongozi anga, a Luka. "Mpunga wa ku Lifuwu sudikira munthu."

"Bambo, bwanji Rute andithirire ndi kapu? Kuchipatala anati..."

"Ndiye kuti manja athuwa ndi onyansa?"

Rute, mkazi wanga, atagwira beseni lomwelo, anayang'ana kudenga ngati sakundidziwa. Mlamu wanga Trust, yemwe anali atapita kuchimbudzi kawiri chifikireni ife, anapukuta zala pa thalauza n'kuseka.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Onyansa ndi angawa. Madzi amenewa sangawathe. Ndikapisa m'mbalemo ndigoneka nyumba yonse."

A Luka anakokera mbale ya ndiwo kufupi ndi mawondo awo.

"Rute, tenga kapu. Sopo yemwe. Uwapatsenso mbale yawoyawo, akadyere apo."