Chitsime Chimene Anamangapo

Mpopi utauma tsiku lina madzulo mumzinda wa m'chipululu wa Nouakchott, Mbarka ananyamula chigubu kukapempha madzi kunyumba zatsopano za olemera, pamalo pomwe anagwetsa chisakasa chake. Mlonda anamubweza pageti, kumbuyo kwake paipi ikuthirira kapinga.

Pobwerera mumdima, anapeza mchenga wokhawokha pomwe masana panali msewu waphula. Pamenepo panaima nkhalamba ndi ngamila yowonda.

"Mwanawe, chitsime chathu mwachiika kuti?" inafunsa nkhalambayo.

"Kafunseni eni mageti, agogo. Anamangapo."

"Ndimagogoda, sanditsegulira."

Inatulutsa mbale yamtengo. Mbarka anapendeketsa chigubu kuti ione kuti mulibe kanthu, koma munayamba kutuluka mchenga wosalekeza. Nkhalambayo inamwa wonse, n'kupukuta pakamwa.

"Kwanuko mwatsala angati?" inatero.